Makina Oyankha ndi Lamulo la ku Mbenji: Kuwerenga Antiqua et Nova Tili ku Salima

Pa 28 Januwale 2025, tsiku lokumbukira Thomas Aquinas Woyera, nkhoswe ya masukulu ndi anthu ophunzira, maofesi awiri a ku Vatican anatulutsa kalata yotchedwa Antiqua et Nova. Ofesi yoyamba ndi yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro, ndipo anasainira ndi Kadinala Víctor Manuel Fernández. Yachiwiri ndi yoona za chikhalidwe ndi maphunziro, ndipo anasainira ndi Kadinala José Tolentino de Mendonça. Dzina la kalatayi, m'Chilatini, likunena za zakale ndi zatsopano. Nkhani yake ndi kusiyana kwa nzeru za munthu ndi zija anthu azolowera kuzitchula ndi zilembo ziwiri kuti AI, ndiye kuti makina a kompyuta otha kuyankha mafunso, kulemba nkhani, kumasulira zilankhulo ndi kujambula zithunzi ngati kuti ndi munthu. Kalatayi ili ndi ndime 117. Za nkhondo, za zipatala ndi za chuma tizisiyire ena. Ife tifuna kusanthula zimene ikunena pa maphunziro apamwamba, ndipo tifuna kuziwerenga tili ku Salima, m'mbali mwa nyanja.

Wina adzafunsa kuti, nanga bwanji ku Salima, pamene masukulu a ukachenjede otchuka ali ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Thyolo ndi ku Nguludi? Aliyense wodziwa kayendedwe ka zinthu m'Malawi muno akudziwa kuti ndondomeko zambiri za maofesi athu zimaphikidwa m'mahotela a ku Senga Bay, kumene akuluakulu amakabindikira masiku angapo nabwerako ndi chikalata. Koma chifukwa chachikulu ndi ichi: mwana akalandira digiri yake sakhala pa sukulupo ayi. Amabwera ku boma ngati la Salima, kumene kalembera wa 2018 anawerenga anthu opitirira 470,000, nadzakhala mlangizi wa ulimi wa thonje ndi mpunga, dokotala, mphunzitsi wa sekondale kapena woweruza milandu. Ngati pepala lake likuchitira umboni kuti amadziwa zimene sadziwa, wolipira bodzalo ndi mayi wa ku Lifuwu amene mpunga wake wagwidwa matenda, ndi wodwala amene wagona pa chipatala cha Khombedza. Chifukwa china tichisunge; chili pa chilumba cha Mbenji, ndipo tifikako.

Tiyambe ndi choyamikira, pakuti chilipo ndipo n'chachikulu. Kalatayi ikukana kunamizidwa ndi dzina. Dzina loti AI linabadwira ku America, pamene John McCarthy ndi anzake anaitanitsa msonkhano wa pa Dartmouth College wa mu 1956, ndipo kumbuyo kwake kunali maganizo a Alan Turing, amene mu 1950 anati muyeso wa makina ukhale wakuti munthu wocheza nawo alephere kuwasiyanitsa ndi munthu mnzake. Alembi a kalatayi akuti muyeso wotere umangoona zotuluka, osaona kumene zachokera. Apa sanalakwe. Makina ngati ChatGPT, amene kampani ya OpenAI inawatsegulira anthu onse pa 30 Novembala 2022, anadyetsedwa zolemba zosawerengeka, naphunziramo kuti mau akuti amakonda kutsatana ndi mau akuti. Mukawafunsa, amalumikiza liu ndi liu motsata chizolowezi chimenecho. Chiganizo chimatuluka chosalala, koma m'kati mwa makinawo mulibe wina amene zingamupweteke chiganizocho chikakhala chabodza.

Chilankhulo chathu chikanawathandiza alembiwa akadachidziwa. Ife timasiyanitsa kuloweza, kuchenjera, nzeru ndi luntha. Chinkhwe chimaloweza. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma palibe mudzi umene ungamupatse mlandu wa malire a munda kuti auzenge. Nzeru timazipeza pa munthu amene waona zambiri ndipo amadziwa choyenera kuchita. Luntha ndiye kuona msanga phata la nkhani pamene ena akali kuwerenga masamba. Kalatayi ikutsata Thomas Aquinas posiyanitsa ratio ndi intellectus: koyambako ndi kuganiza kopita phazi ndi phazi monga wowerengera ndalama, kwachiwiriko ndi kuzindikira choona mwakuya, ndipo zonse ziwiri ndi ntchito ya munthu mmodzi yemweyo, wokhala ndi thupi, wokhala pakati pa anzake. Liu lathu loti luntha silili kutali ndi intellectus. Motero womasulira amene angatchule makinawa kuti luntha lopangidwa wawaveka ufumu umene si wa ku mtundu kwao. Ife m'nkhani ino tiwatchula makina oyankha, popeza ntchito yao ndi imeneyo.

Pa mfundo yoti nzeru za munthu sizilekana ndi thupi lake, kalatayi ikulankhula monga alankhulira anthu a m'mabuku. Ku nyanja kuno mfundoyi imaoneka ndi maso. Taonani siginala, uja amatsogola ndi bwato ndi nyali usiku asodzi akamaponya chilimila. Amadziwa pamene pali chirundu pansi pa madzi, wopanda mapu. Amamva pa khungu kuti mwera wayandikira. Amaona kathwanimidwe ka usipa nadziwa kuti ukonde ugwe tsopano kapena adikire pang'ono. Mutamuuza kuti alembe zimenezi, mwina sangadzaze tsamba limodzi. Makina oyankha angalembe masamba makumi asanu a za usodzi wa pa nyanja ya Malawi madzi a tiyi asanawire, koma sanazizidwepo, sanaikepo m'manda mnzao amene bwato linamugudubuzikira, ndipo akalakwitsa sagona ndi njala. Kudziwa kwa siginala kuli ndi mtengo umene iye mwini amalipira. Yunivesite iyenera kudzifunsa kuti mwa kudziwa kwa mitundu iwiriyi, digiri yake ikuchitira umboni kuti.

Tsono tifike pa ndime za maphunziro. Kalatayi ikuti kuphunzitsa ndi kuumba munthu yense, ndipo kuumbako kumachitika pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira oonana maso ndi maso. Ikuvomera kuti makina angathandize, makamaka kumene zipangizo n'zochepa, koma ikuchenjeza kuti wophunzira akazolowera kulandira yankho lopsa kale, mphamvu zake zoganiza zimafota. Ikuchenjezanso kuti makinawa amatha kupeka zinthu, nipempha kuti powagwiritsa ntchito pasakhale chobisa. Zonsezi n'zoona. Komatu munthu powerenga amamva kuti alembiwa anali kuona m'maganizo mwao chipinda cha ophunzira ochepa, laibulale yodzaza ndi mphunzitsi wa nthawi yokwanira. Kwathu kuno University of Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1964, yabala ana: Bunda inapatuka kukhala LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, masukulu a zachipatala nasanduka KUHeS. Masukulu a mipingo ndi a anthu wamba nawonso achuluka. Ophunzira achuluka msanga kuposa aphunzitsi ndi mabuku, kotero kuti m'makalasi ena a chaka choyamba mumakhala anthu mazana. Mphunzitsi amene kalatayi ikumutchinjiriza, wodziwa wophunzira wake ndi dzina, woona pa nkhope kuti uyu sanamve, m'malo ambiri anali atasowa kale makina asanabwere. Ichi kalatayi siikuchiona bwino.

N'chifukwa chake sitigwirizana ndi iwo amene angawerenge kalatayi ngati chiletso. Tiyerekeze mtsikana wochokera ku sekondale yoyendera ya m'dera la Ndindi kapena Pemba. Wafika pa yunivesite, maphunziro onse ali m'Chingerezi chothamanga, ndipo kufunsa pa gulu la anthu mazana akuchita manyazi. Usiku, pa foni yake, makina oyankha akumufotokozera mfundo imodzimodziyo katatu, mwa mau osavuta, osamuseka. Ameneyu sanachimwe, wapeza mthandizi amene sukulu inalephera kumupatsa. Ndiponso zabwino za makinawa taziona kale m'dziko muno. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayamba kuyesa Ulangizi, makina oyankha mafunso a alimi m'Chichewa kudzera pa WhatsApp, otenga mayankho ao m'buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Ndipo chochititsa chidwi n'chakuti pakati pa makina ndi mlimi anaikapo munthu, mlangizi wonyamula foniyo, woti amve yankho ndi kuliyeza. Mu Okutobala 2023 sukulu ya MUST ku Thyolo inatsegula likulu lake la maphunziro a AI. Kuletsa sikungatheke, ndipo kukanatheka kukanakhala kukondera, pakuti mwana wa bwana adzawagwiritsa ntchito ndithu ku nyumba kwao. M'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja owunikira ndi magetsi ndi pafupifupi 11 okha mwa 100, kusiyana kwa wokhala ndi kompyuta ndi wosowa ya bandulo n'kokwanira kale, yunivesite isakuwonjezere.

Choopsa chimene tikuchiona n'chakuti nkhani yonse ya chikumbumtima pa makinawa ingasanduke nkhani ya ulonda, ya kugwira wakuba basi. Kubera mayeso sikunabwere ndi kompyuta. Likasa ndi liu lakale m'masukulu mwathu, ndipo mu Novembala 2020, ChatGPT isanabadwe, boma linaimitsa mayeso a MSCE ali m'kati chifukwa mapepala anali atabedwa, ana nalembanso mu Januwale 2021. Chatsopano n'chakuti likasa la masiku ano silifanana ndi la mnzako. Aliyense amalandira lakelake, lolembedwa bwino. Poona izi, masukulu ambiri pa dziko lapansi anathamangira kugula makina ena oti azinunkhiza ntchito ya makina anzao. Apa ndi pamene tikanakonda kuti kalata ya ku Roma ikweze mau. M'ndime zake za kulondalonda anthu ikukana kuti makina aziweruza munthu potengera manambala, koma mfundo yabwinoyi siikuilowetsa m'kalasi, m'mene ikufunika lero lino.

Imvani chifukwa chake. Mu 2023 ofufuza a pa Stanford University ku America anayesa makina onunkhiza 7. Anawapatsa zimangirizo 91 zolembedwa ndi anthu enieni amene Chingerezi si chilankhulo chao choyamwira, ndipo pa zimangirizo 100 zilizonse zotere, makinawo anali kunamizira pafupifupi 61 kuti zalembedwa ndi kompyuta. Pamene zimangirizo za ana a sukulu a ku America komweko pafupifupi zonse anazizindikira bwino kuti n'za anthu. Gwero la cholakwachi n'lodziwika: makina onunkhiza amakayikira Chingerezi cha mau ozolowereka, osasinthasintha, ndipo chimenecho ndicho Chingerezi cha munthu amene anachiphunzira m'kalasi. Kampani ya OpenAI yeniyeniyo inachotsa makina ake onunkhiza mu Julayi 2023 chifukwa anali kulakwitsa kwambiri. Ndiye kuti mtsikana wa ku Ndindi uja, akalemba yekha mokhulupirika ndi Chingerezi chake chosamala, ndiye woyamba kuganiziridwa. Pamene mnzake wochenjera, wouza makina kuti akometse ndi kusokoneza mau, adutsa bwinobwino. Kuchotsa mwana sukulu pa umboni wotere n'kubwerera ku mwavi, umene lamulo la 1911 linaletsa m'dziko muno. Mwavinso anthu ankaukhulupirira chifukwa unkaoneka wosakondera.

Pali njira ina yofunsira, ndipo kalatayi yaigwira, ngakhale kuti siinaitsate mpaka ku mapeto. Mfundo yake yolimba koposa ndi yakuti mlandu wa chabwino ndi choipa umagwera munthu yekha, pakuti ndiye ali ndi ufulu wosankha. Mu Juni 2023 khoti lina la ku New York linalipitsa maloya awiri ndi kampani yao madola 5,000 chifukwa chopereka kwa woweruza milandu 6 yakale imene siinachitikepo. Inali yopeka ya ChatGPT, ndipo iwo sanaifufuze. Woweruzayo sanazenge makina. Anazenga anthu amene anasaina. Pa bwalo la kwathu ifenso timafuna mwini mau: wanena ndani, ndipo kodi angathe kuimirira kuti ayankhe akafunsidwa? Dzina la wophunzira pa chikuto cha ntchito yake likutanthauza zimenezo. Komatu muyeso umenewu usamange wophunzira yekha. Mphunzitsi wotopa, wokhala ndi mulu wa mapepala, angayesedwe kuwapatsa makina kuti awachonge ndi kulemba ndemanga. Zikatero makina alemba, makina achonga, yunivesite nidinda chidindo chake pa msonkhano umene panalibe munthu. Kalatayi ikunena zambiri za wophunzira wofooka, koma za mphunzitsi wolemedwa ikunena zochepa. Ndipo lamulo la sukulu limene lilamula ana kuulula, akulu nakhala chete, ana adzalitchula ndi dzina lake loyenera.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene kalatayi siikhalitsapo. Makina amadziwa zimene anadya. Zolemba za pa intaneti zambiri n'za Chingerezi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu. Za Chichewa n'zochepa, ndipo zambiri mwa zochepazo n'zomasulira. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma aliyense amene anayesapo akudziwa kuti kawirikawiri chimatuluka ndi Chingerezi chovala chitenje. Za Chiyao, chimene chimalankhulidwa m'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ku Salima kuno, n'zochepa koposa. Tsono mukafunsa makinawa za mwini mbumba, za chikamwini ndi chitengwa, za kagawidwe ka munda mwini wake akamwalira, amayankha ndi kulimba mtima komweko kumene amayankhira za London, ngakhale pamene akungokokera nkhani yathu ku chizolowezi cha maiko ena. Wophunzira za malamulo kapena za ulimi amene adziwa dziko lake kudzera m'makinawa adzaliona ndi maso a mlendo, osazindikira kuti wabwereka maso. Apa yunivesite ya ku Malawi ili ndi ntchito imene ya ku Roma ilibe. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Gulu la Kuyesera AI Lab pa MUBAS, lotsogozedwa ndi Dr Amelia Taylor, lakhala likusonkhanitsa zolemba za Chichewa zoti makina aphunzirepo. Ntchito zotere si zokongoletsa ayi. Popanda izo mau onse okoma a kusakondera adzatsalira pa pepala.

Koma kudyetsa makina mau athu nakonso kuli ndi minga yake. Mu Januwale 2023 magazini ya Time inaulula kuti antchito a ku Nairobi, olembedwa ndi kampani ya Sama, anali kulandira ndalama zosafika madola 2 pa ola powerenga ndi kusankha zolemba zonyansa kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa. Papa Leo XIV, atangosankhidwa mu Meyi 2025, anati anatenga dzinali pokumbukira Leo XIII ndi kalata yake ya 1891 ya za antchito, popeza makinawa abweretsanso mafunso a ntchito ndi chilungamo. Anthu a ku Salima nkhaniyi amaidziwa kudzera m'thonje lao, limene limachoka lotchipa nkubwera ngati nsalu yodula. Mau nawonso angayende ulendo womwewo. Wophunzira wofufuza afika pa doko, ajambula mau a asodzi ndi a amayi oyanika usipa pa thandala, ndipo pofuna kufulumira atumiza mauwo ku makina a kunja kuti awalembe. Anthu aja anavomera kulankhula ndi mwana wa sukulu. Kampani ya kutsidya kwa nyanja zamchere sanaivomere. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ya munthu, ndipo makomiti a kafukufuku ayenera kuliwerenga ndi nkhani imeneyi m'maganizo. Komabe lamulolo, pamodzi ndi kalata ya ku Roma, likuganiza makamaka za chinsinsi cha munthu mmodzi. Kwathu kuli zinsinsi zimene mwini wake ndi mudzi. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi za ku dambwe. Chinamwali chili ndi za m'tsimba. Mkulu akaululira wofufuza zina mwa izi, amatero pokhulupirira kuti munthuyo ali ndi manyazi ndipo adziwa posiyira. Makina alibe manyazi, ndipo chimene chalowamo sichibwezedwa ndi nkhuku.

Tsopano tioloke kupita ku Mbenji. Chilumbachi chili m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, ndipo chimatchuka ndi utaka. M'zaka za m'ma 1950, usodzi wa malonda utayamba kukula ndipo asodzi ochokera kutali, ngakhale ku Likoma, atayamba kufika, mfumu ya deralo siinawathamangitse, siinawasiyenso kuti achite zofuna zao. Inaika nyengo. Kuyambira mu Disembala kufikira mu Epulo chilumba chimatsekedwa, anthu amachokapo, nsomba zimaswana mosasokonezedwa, asodzi nakagwira khasu popeza ndi nthawi ya dzinja. Kutseka ndi kutsegula kumachitika pa mwambo wa poyera, anthu akuona. Pa chilumbapo salola mowa, chamba ndi juga. Maukonde a maso ang'onoang'ono, opha ndi ana omwe a nsomba, ndi oletsedwa. Pali komiti yoyang'anira, ndipo wolakwa amaitanidwa, namva mlandu wake, nalipa kapena kuchotsedwapo. Lamuloli lakhala zaka zoposa 60, pamene malamulo ambiri a usodzi olembedwa m'maofesi, kuyambira nthawi ya atsamunda, akhala ovuta kuwasungitsa. Ofufuza a Mzuzu University ndi a University of Strathclyde ya ku Scotland, pogwira ntchito limodzi, anapeza kuti utaka wa ku Mbenji ndi waukulu ndi wonenepa kuposa wa m'madoko ena oyandikana nawo. Ulendo umenewo yunivesite ndiyo inapita kukaphunzira kwa mfumu.

Lamulo la ku Mbenji silidana ndi ukonde. Likungozindikira kuti pali nthawi imene chinthu chikali kukula, ndipo pa nthawi imeneyo ukonde wabwino womwewo umapha. Nzeru za wophunzira nazonso zili ndi dzinja lake: nthawi imene akuyesa koyamba kuwerenga tsamba lovuta mpaka litamveka, kufupikitsa mutu wa buku ndi mau akeake, kumanga mfundo imodzi pamwamba pa inzake, kulakwitsa samu ndi kupeza yekha pamene walakwitsa. Kuvutika kumeneku ndiko kuswana kwa nsomba. Wochotsa kuvutikako wachotsa maphunziro. Choncho ife tikuti phunziro lililonse, makamaka m'chaka choyamba, likhale ndi nyengo yotseka yolengezedwa poyera, pamene ntchito ilembedwa ndi dzanja m'chipinda, mafoni ali pa khomo. Kunja kwa nyengoyo nyanja ikhale yotsegula, wophunzira agwiritse ntchito makina mosabisa, nalembe pa mapeto kuti anawafunsa chiyani ndipo mayankho ao anawatsimikiza bwanji. Ndipo pa ntchito yaikulu yomalizira, aimirire pamaso pa aphunzitsi nayankhe ndi pakamwa: chifukwa chiyani mwanena izi, buku mwatchulali lili kuti, nanga mlimi wa ku Lifuwu atakufunsani mwakuti mungamuyankhe chiyani? Amene makina anamuthandiza kumvetsa adzayankha. Amene anakopera, kaya kwa makina, kaya kwa mnzake, kaya anachita kugula, adzagwa chimodzimodzi, ndipo sipafunika wonunkhiza. Njirayi si yachilendo. Maseminale anasunga mayeso a pakamwa pamene masukulu ena anali kuwataya chifukwa cha kuchuluka kwa anthu.

Chinanso chimene chimalimbitsa lamulo la ku Mbenji n'chakuti olisunga amadziwa chifukwa chake, analipo polilengeza, ndipo mu Epulo amaona phindu lake m'bwato. Lamulo lolembedwa masiku atatu ku Senga Bay ndi akuluakulu okhaokha, m'Chingerezi cha maloya, n'kutumizidwa kwa ophunzira pa intaneti, lidzakhala ngati malamulo aja a atsamunda: lomveka bwino pa pepala, losadziwika pa doko. Atsogoleri a ophunzira akhale nawo pa mphasa polilemba. Kalata ya ku Roma ikupempha masukulu a ukachenjede a Chikatolika kuti atsogole pa nkhani imeneyi. Catholic University of Malawi ya ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006, ndi maseminale a Kachebere ndi St Peter's ku Zomba akhoza kuyesa zimenezi msanga, ena naonerapo.

Tisabise kuti fanizo lathu limatsimphina. Mbenji ndi chilumba, ndipo bwato lozemba limaonekera patali. Foni ya m'thumba siioneka. Ndiye kuti nyengo yotseka ingatheke m'chipinda chokha mmene muli munthu woyang'anira. Ku Mbenji akazi saloledwa kuponda pa chilumba. Kaya akuluakulu ali ndi zifukwa zotani, yunivesite siingabwereke chimenecho, ndipo chikutikumbutsa kuti lamulo la makolo nalonso liyenera kufunsidwa mafunso. Mayeso a pakamwa amaika mphamvu zambiri m'manja mwa wofunsa. Mtsikana woima yekha pamaso pa mphunzitsi wamwamuna, chitseko chili chotseka, sali pabwino. Kukondera kwa zigawo, kumene tonse tikukudziwa, kumalowa mosavuta pamene palibe cholembedwa. Ndipo wamanyazi angagwe ngakhale akudziwa. Motero ofunsa akhale awiri, mafunso ndi mayankho alembedwe, ndipo pamene chikuyesedwa ndi kumvetsa kwa munthu osati Chingerezi chake, aloledwe kufotokoza m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao mfundo imene yamukanika.

Zonsezi ndi ndalama. Tiwerengere: kalasi ya ophunzira 300, aliyense mphindi 15, ndi maola 75, ofunsa akakhala awiri, ndi maola 150 a ntchito, pa phunziro limodzi lokha. Makina onunkhiza ndi otchipa kuposa pamenepa, ndipo n'chifukwa chake makhonsolo a mayunivesite adzakopeka nawo. Kalata ya Antiqua et Nova siinawerengere mtengo umenewu, ndipo mwina si ntchito yake. Koma wonena kuti mphunzitsi sangalowedwe m'malo ndi makina watumiza kale ngongole ku Unduna wa Zachuma, kwa Aepiskopi ndi kwa eni masukulu onse, ngongole ya kulemba aphunzitsi ambiri ndi kuwalipira. Bungwe la National Council for Higher Education, limene lamulo la 2011 linakhazikitsa kuti lizivomereza masukulu a ukachenjede, limatumiza oyendera kukawerenga mabuku, zipinda ndi madigiri a aphunzitsi. Pa fomu yao pakhoza kuwonjezedwa mzere umodzi, wofunsa kuti mwa ophunzira amene analandira digiri chaka chatha, ndi angati anamvedwa akuyankha ndi pakamwa pao, ndipo anawamva ndani.